Kulira kwa Tcheni pa Njira ya ku Chakari

Msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo umadutsa m'tawuni ya Chegutu, ndipo munthu akayendanso makilomita opitirira pang'ono 30 amafika ku Kadoma. Kufikira chaka cha 1982 matawuni awiriwa ankatchedwa Hartley ndi Gatooma. Munthu akapatuka pamsewuwu kulowera kumigodi ya golide, m'mafamu akale a thonje ndi m'makomboni, phula silichedwa kutha. Kumatsala fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. M'makomboni amenewa Chichewa chimamvekabe, pakuti makolo a anthu ambiri kumeneko anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzakumba miyala ku migodi ya Cam and Motor ndi Dalny, ena kudzagwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead.

Chuma choyamba cha mlendo wotere chinali njinga: Humber kapena Raleigh yakuda, yolemera, ya giya imodzi. Wobwerera kumudzi ankapita nayo monga umboni wakuti ulendo wake sunali wachabe, ndipo matchona anaipalasa mpaka ukalamba. Njinga zimenezo zinalibe mawu ambiri kupatula belu. Zidzukulu zawo lero zikupalasa njinga za magiya, za matayala okhuthala, zimene m'masitolo amati mountain bike, ndipo zambiri mwa izo munthu amazimva zisanaoneke, zikubwera ndi tcheketcheke wosalekeza.

Mmodzi mwa opalasa njinga zotere ndi mayi wina wa m'komboni ina kufupi ndi Chakari, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Ntchito yake aliyense wogwira ntchito m'madera akuidziwa: kuyendera amayi oyembekezera, kukumbutsa odwala chifuwa chachikulu ndi omwa ma ARV za mankhwala awo, kuyeza ana sikelo, ndi kukatula malipoti ku chipatala chaching'ono mwezi ukatha. Njinga yake anailandira kuchokera ku bungwe lina pa mwambo umene unali ndi nyimbo, malankhulidwe ndi kujambula zithunzi. Inali yofiira, ya magiya 21, ndipo kwa miyezi itatu inayenda mwa myaa. Mwezi wachinayi inayamba kudandaula.

Chimene chinkadandaulacho ndi kachipangizo kolendewera kumanja kwa gudumu lakumbuyo. Dzina lake ndi lachifalansa, derailleur, ndipo limachokera ku mawu otanthauza kugwetsa sitima panjanji. Dzinali silinama, chifukwa ntchito yake ndiyo kugwetsa tcheni mwadala pa kagudumu kamodzi kamano kuti chikagwire kanzake. Wopalasa akasuntha kosinthira magiya pa chiwongolero, waya amakoka kamkono kameneka kulowera mkati, ndipo akamasula, sipuling'i imakabwezera kunja. Timawilo tiwiri ta m'munsi mwake timatsogolera tcheni ndi kuchikunga kuti chisalendewere. Pa njinga ya timagudumu 7 kumbuyo, mpata wa pakati pa giya ndi inzake ndi mamilimita 5 okha. Choncho waya akangotamuka, kapena kamkonoko kakapindika pang'ono chabe, tcheni chimakhala pakati pa magiya awiri, chosadziwa kwawo.

Kachipangizoka kanakulira m'mipikisano ya ku Ulaya. Mpikisano wa Tour de France unakavomereza mu 1937. Kampani ya Campagnolo ya ku Italy inatulutsa mtundu wake wotchuka wa Gran Sport mu 1951, ya SunTour ya ku Japan inakonzanso kaimidwe ka mkonowo mu 1964, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Shimano inafalitsa magiya olowa ndi kamvekedwe ka "tche", giya iliyonse pamalo pake. Onsewa ankaganizira mnyamata wopanda katundu, amene kumbuyo kwake kukubwera galimoto ya amakaniko. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 silinali m'maganizo mwawo, ngakhalenso chitenje chokupiza pafupi ndi tcheni.

Mayi uja anazolowera phokosolo monga mmene munthu amazolowerera chitseko cholira. Mu February 2023 matenda a kolera anabukanso m'Zimbabwe, ndipo odwala oyamba anapezeka ku Chegutu komweko, tawuni imene sinaiwale maliro a mu December 2008. Maulendo ake anachuluka. Pa kaliyala ankamanga chidebe, mankhwala othira m'madzi akumwa ndi mapaketi a mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi. Tsiku lina m'mawa, atamva kuti pa famu ina mwana watsekula m'mimba usiku wonse, anawoloka kamtsinje, nayamba kukwera chitunda cha tsidya lina ataimirira pa mapedulo. Mwendo utalemera, anakankhira giya ku kagudumu kakakulu. Kamkono kaja kanadutsa malire ake, kanalowa m'masipoko, gudumu n'kukapinda ngati supuni ya malata. Masipoko atatu anaduka pomwepo. Gudumu linakana kuzungulira, moti mtunda wotsalawo anauyenda akukoka njinga atainyamula kumbuyo. Pofika pa famupo dzuwa linali litapendeka, ndipo mwanayo anali atapita naye kale kuchipatala pa ngolo ya ng'ombe. Mwanayo anachira. Njingayo inakhala kuseri kwa chitseko masabata asanu mliri uli mkati, mwini wake akuyenda wapansi ndi kufikira theka la makomo amene ankawafikira kale.

Amisiri a pafupi anaiona napukusa mitu, pakuti zipangizo zimene amasunga ndi za njinga za giya imodzi. Potsiriza anaikweza pa galimoto kupita nayo ku Pfupajena, ku Chegutu, kwa mkulu wina amene amakonza njinga pansi pa mtengo. Bambo ake a mkuluyu anachokera ku Ntcheu, ndipo ndi iwo anamusiyira ntchitoyi pamodzi ndi bokosi la masipanala.

"Mayi, njingayi inayamba liti kukudandaulirani?" anafunsa mkuluyo asanaigwire n'komwe.

"Ndi kale, agogo. Ine ndinkayesa ndi mmene zimalirira njinga za masiku ano."

"Iyayi, mwana wanga. Njinga yabwino ilibe nkhani. Ikayamba kuyankhula, ndiye kuti pali pamene pakuiwawa."

Mkuluyu amasiyanitsa kulira kwa tcheni monga mayi amasiyanitsira kulira kwa njala ndi kwa malungo. Tcheketcheke wosalekeza, womveka pa giya iliyonse ndipo giya n'kumachedwa kulowa, kawirikawiri ndi waya wotamuka kapena wodzaza fumbi m'paipi yake. Mankhwala ake salira ndalama: pamene waya amalowera m'kamkono pali kanati kopotokola ndi zala, ndipo munthu amakamasula pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira nthawi iliyonse, akupalasa ndi dzanja gudumu lili m'mwamba, mpaka phokoso litazima. Kulira kwa tswii ngati mbewa ndi ludzu la mafuta. Apa mkuluyu amakwiya ndi chizolowezi chothira oyilo wakuda wotsala m'galimoto mpaka tcheni kudontha. Oyilo wotere akakumana ndi fumbi la mu September amasanduka phala lonola, limene limadya tcheni ndi mano omwe. Iye amati dontho limodzi pa mfundo iliyonse, kenaka kupukuta kunja konse ndi kansanza mpaka tcheni chioneke ngati chouma, pakuti mafuta amagwira ntchito mkati mwa mfundo.

Choopsa kwambiri ndi phokoso limene limatha pa giya ina n'kuyambanso pa ina, ngakhale munthu apotokole kanati kaja tsiku lonse. Limeneli limasonyeza kuti chitsulo chopachikapo kamkono chapindikira mkati. Njinga ikagwera kumanja, kapena ikagonekedwa mbali ya tcheni pansi, kapena ikapanikizidwa ndi matumba pamwamba pa basi, chitsulocho chimapindika. Kuchizindikira n'kosavuta: munthu agwade kumbuyo kwa njinga ndi kuyang'ana ngati timawilo tiwiri tija taima chilili pansi pa kagudumu kamene tcheni chagwira. Tikapendekera ku masipoko, njingayo isakwere chitunda isanawongoledwe. Pa kamkonopo palinso timabawuti tiwiri tolembedwa H ndi L, timene ndi malire ake: ka H kamaletsa tcheni kugwera kunja, ka L kamaletsa mkono kulowa m'masipoko. Pa njinga ya mayi uja chitsulo chinali chopindika kuyambira tsiku limene inagwa pakhonde la chipatala, ndipo ka L sikanamangidwe bwino chichokereni m'katoni. Kutembenuza kamodzi kwa sikuludalaivala kukanapulumutsa masabata asanu aja.

Palinso kudumpha, pamene pedulo imathawa phazi ndi "go!" munthu akaponda mwamphamvu. Apo tcheni chatha, ndipo mwina chadya kale mano a fuliwilo. Mfundo iliyonse ya tcheni ndi mamilimita 12.7, choncho mfundo 20 za tcheni chatsopano zimakwana masentimita 25.4 pa lula ya mwana wasukulu. Zikafika 25.6, tcheni chisinthidwe msanga. Wochedwa amagula tcheni, fuliwilo ndi kalanka tsiku limodzi.

Munthu angathe kunena kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, n'kutsutsa njinga za magiya zonse. Kutero n'kulakwa. Mayi wa zaka 50 wonyamula chidebe pa chitunda amadziwa chimene giya yopepuka imachitira mawondo ake, ndipo amene amanyoza magiya nthawi zambiri ndi amuna amene sananyamulepo madzi. Vuto lili pa mtundu wa njinga zimene zimagulidwa, ndi pa zimene zimaiwalika pozigawa. Pa magiya 21 aja, angapo amafanana mphamvu, ndipo ena sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amapingasa tcheni, monga kalanka yaikulu kutsogolo ndi kagudumu kakakulu kumbuyo. Kuti timagudumu 7 tikwane, gudumu limamangidwa mopendekera mbali imodzi, zimene zimalifooketsa, ndipo pa njinga zotchipa za fuliwilo yopotera, ekiselo imatsala yaitali popanda chochirikiza, n'kumapindika ndi katundu. Tsiku logawa njinga palibe amene anauza alangizi aja kuti giya amasintha akupalasa mopepuka, chitunda chisanayambe, osati njinga itaima kapena mwendo utalemera kale. Malipoti a mabungwe amawerenga njinga zimene zagawidwa. Mzere wolembapo njinga zimene zikuyendabe patatha chaka suoneka kawirikawiri.

Kumayiko olemera opalasa m'mapiri nawonso amadandaula za phokoso la tcheni, makamaka chikamamenya felemu pamabampu. Kuyambira cha m'ma 2011 ndi 2012 Shimano ndi SRAM anayamba kuika kachipangizo kogwira mkono uja kuti usamagwedezeke, ndipo phokosolo linachepadi. Koma mtengo wa kamkono kamodzi kapamwamba kotere ungagule njinga yathunthu ya pamsika. Chochititsa chidwi n'chakuti mmodzi mwa amene anayambitsa SRAM, kampani yotchuka ndi magiya, F.K. Day, atakhazikitsa bungwe la World Bicycle Relief pamodzi ndi Leah Missbach Day mu 2005, sanatumize magiya kumidzi. Ataona mmene njinga zinkathyokera m'manja mwa osamalira odwala ku Zambia, bungwelo linapanga njinga ya Buffalo: ya giya imodzi, buleki yopondera kumbuyo, ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100, ndipo limaphunzitsa amisiri m'madera amene njingazo zapita. Ndi yolemera, ndipo mtengo wake umaposa wa njinga wamba. Pempho la giya yopepuka silinathe, moti mu 2024 anatulutsa mtundu wa magiya awiri wotchedwa Utility S2. Ngakhale pamenepo kamkono kolendewera sanakaikepo. Anaika matcheni awiri, ndipo wopalasa amasintha giya pobweza mapedulo kumbuyo.

Mkulu wa ku Pfupajena anaika njira ziwiri pamaso pa mayi uja. Yoyamba inali kugula kamkono katsopano, waya ndi masipoko, n'kumabwera nayo njingayo miyezi itatu iliyonse kuti aione. Yachiwiri inali kuchotseratu zonse, kupotera fuliwilo ya kagudumu kamodzi pamalo pa ya timagudumu 7, kumanganso gudumu kuti likhale pakati, ndi kudula tcheni kuti chikwane. Zimenezi zimatheka pa njinga imene ekiselo yake imatha kusunthira kutsogolo ndi kumbuyo m'felemu, ndipo yake inali yotero.

"Nanga inuyo mukuona bwanji, agogo?"

"Mukanakhala kuno ku tawuni ndikanati tibwezeretse magiya. Koma kwanu kuja, waya akaduka Lachiwiri, mudzamupeza kuti?"

Mayiyo anawerengera ndalama ya galimoto yobwera ku Chegutu kanayi pachaka, naiyerekeza ndi kangachepe kamene amalandira, kamenenso sikabwera mwezi uliwonse. Anasankha giya imodzi, ndipo anapempha kagudumu ka mano 20 m'malo mwa ka 18 kuti mwendo uzipepukirako. Pamalo athyathyathya anyamata a njinga za magiya amamupitirira. Pa chitunda cha tsidya la kamtsinje kaja amatsika n'kukankha, chidebe chili pa kaliyala. Pa alangizi anzake amene analandira njinga zofiira tsiku limodzi ndi iye, awiri anatsata njira yomweyo, mmodzi anaphunzira kupotokola kanati kaja ndipo magiya ake akulowabe bwino, ndipo za ena zili pa mitanda ya denga, zikudikira waya.