Kumata Sampu

Chiwiya chimene chimakhala pansi penipeni pa injini, mmene oyilo amabwerera galimoto ikaima, chilibe dzina lobadwira m'Chichewa. Amakaniko a ku Mchinji ndi a ku Chipata amachitcha sampu. Liwuli analitola ku Chingerezi cha ku Britain n'kuliwonjezera u kumapeto, monga zinachitikira ndi pampu ndi kapu, pakuti lilime lathu silikonda kusiya liwu lili lotsekeka. Anzathu a ku Angónia ndi ku Tete, amene anaphunzira lusoli m'Chipwitikizi, amati cárter. Maonekedwe ake ndi a beseni lachitsulo chopyapyala, lomangidwa kunsi kwa injini ndi mabawuti ang'onoang'ono kuzungulira mlomo wake wonse.

Maina a m'galaja ndi obwereka, koma aneni ndi athuathu, ndipo ndiwo amene amasenza nzeru ya ntchitoyi. Makaniko akanena kuti injini ikutuluka thukuta, ndiye kuti chitsulo changonyowa ndipo fumbi lamatirira. Galimotoyo itha kuyenda chaka osaigwira. Akati ikudontha, mwini wake ayambe kusunga ndalama. Akati ikuchucha, isachoke pamalopo. Kusankha mneni m'modzi mwa atatuwa ndi theka la kupima matenda.

Corolla ya bambo wina wa pa boma la Mchinji inali itachoka pa thukuta n'kufika pa kudontha. Inali AE110, ya injini ya 5A-FE, mtundu umene unapangidwa ku Japan kuyambira mu 1995 ndipo unadzafika kuno utakalamba kale. Ntchito yake inali kunyamula anthu kuchoka pa boma kukawatula pa chipata cholowera ku Zambia, kumene ena amakwera galimoto zina kupitirira ku Chipata. Banja lonse linkadya kuchokera m'galimotoyo. Bamboyo ankayenda ndi kabotolo ka oyilo m'buti, ndipo kuthira pang'ono m'mawa uliwonse kunali kutasanduka mwambo, ngati kusukusula.

Womukonzera anali mwana wa mlongo wake, mnyamata amene anaphunzira ntchito m'galaja ina ku Lilongwe. Apa mpamene panali povuta. Kwa Achewa, malume ndi mwini mbumba, ndipo si chapafupi kuti mwana wa mlongo awauze kuti adikire, makamaka pamene kudikirako kukutanthauza kuti tsiku lipita osagwira ndalama.

Mnyamatayo sanayambe ndi sipanala. Anatsuka injini yonse kunsi, n'kuiliza kwa kanthawi, kenaka anagona chagada ndi tochi. Oyilo amatsikira pansi, choncho sampu imasenza milandu ya ena: gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba, kamphira ka pa distributor, ma seal a crankshaft, zonsezi zikataya, dontho lomaliza limagwera pa mlomo wa sampu. Ambiri amasula sampu yosalakwa, n'kudabwa kuti kudontha sikunathe. Koma pa galimoto iyi mlandu unali wake ndithu. Oyilo ankatulukira pa ngodya ina, pomwe munthu wina m'mbuyomo anapaka silikoni wofiira kunja, mabawuti osamasula n'komwe. Makolo anali nawo kale mawu a ntchito yotereyi: kumata phula m'maso. Silikoni sagwira pa chitsulo cha mafuta, ndipo wopakidwa kunja amangosangalatsa maso a wolipira.

Anakhuthula oyilo injini ikali yofunda, chifukwa wofunda amatsika msanga ndi zinyalala zake. Galimoto anaikhazika pa zitsa zolimba za mtengo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, zimene zimaphwanyika mosachenjeza munthu ali kunsi. Pa Corolla ya mtundu umenewu njira yopita ku sampu ndi yotchingidwa. Paipi ya ekizozi imadutsa kunsi kwake, ndipo iyenera kutsika kaye pamodzi ndi zitsulo zina zogwiriziza. Manati a ekizozi anali atadyedwa ndi dzimbiri, ndipo anadya ola lathunthu.

Mabawuti a sampu, okwana pafupifupi 20, anatuluka mosavuta ndi sipanala ya 10. Koma sampuyo sinagwe. Injini ya 5A-FE ilibe gasiketi pamalo amenewa. A Toyota anangomata ndi mankhwala omwe amauma ngati mphira, ndipo amagwira zolimba ngakhale patapita zaka zambiri. Apa ndi pamene mtima umanyenga munthu kuti alowetse sikuludiraiva n'kukanula. Akatero mlomo wa sampu umapindika, kapena chitsulo cha injini chimakandika, ndipo malo amenewo sadzatsekanso bwino. Mnyamatayo anatenga kampeni kopyapyala, n'kumakagogoda pang'onopang'ono m'mbali, kudula mphirayo kuzungulira, mpaka beseni linatsikira m'manja mwake.

Pansi pa sampu pamalembedwa mbiri ya injini, ndipo amene amaimasula ayenera kuwerenga asanatsuke. Matope akuda olimba amanena za oyilo amene ankakhalitsa osasinthidwa. Tizidutswa tonyezimira ngati mkuwa timanena kuti mabering'i ayamba kudyeka. Mu sampu iyi munalibe zonyezimira, koma pa sefa ya paipi yomwe pampu imakokera oyilo panali tizingwe ta silikoni, totuwa, tofanana ndi nyongolotsi, titatseka gawo la timabowo. Ndiye kuti sampuyi inamasulidwapo kale nthawi ina, mwina isanafike n'komwe m'manja mwa bamboyo, ndipo womata uja anathira mankhwala mowolowa manja. Pomanga mabawuti, otsala anafinyikira mkati, anauma, n'kumathothoka pang'onopang'ono.

Mnyamatayo anaika tizingweto pa chikhatho n'kupita nato kwa mwini galimoto, amene anakhala pa tayala lakale akuyang'ana dzuwa.

"Amalume, taonani izi. Kudontha kuja n'kwakung'ono. Chimene chikanapha injini yanu ndi ichi."

Sanakokomeze. Sefa ikatsekeka, pampu imakoka pang'ono, mabering'i amayenda owuma, ndipo injini imanoka. Kachitsulo koyezera kamaonetsabe kuti oyilo ndi wodzaza, chifukwa oyiloyo alimodi, kungoti sakukwera. Injini zambiri zakale zafa motere, zili ndi oyilo wokwanira m'mimba.

Ntchito yotsatira ndi yotopetsa ndipo palibe amene amaiyamikira. Mphira yakale yonse iyenera kupalidwa, pa sampu ndi pa injini pomwe, mpaka chitsulo chiyere, ndiponso m'mabowo a mabawuti. Kenaka kutsuka ndi mankhwala osasiya mafuta. Atagoneka sampu pa thabwa losalala, anapeza kuti kuzungulira mabowo ena chitsulo chinali chitatukuka, chizindikiro cha dzanja limene linamanga mopitirira muyeso. Anapawongola ndi kahamala, mofatsa, bowo limodzilimodzi. Injini nayo simangoima phee. Maola angapo oyilo atakhuthulidwa, timadontho timatsikabe m'makoma a mkati n'kudzanyowetsa pomwe pangotsukidwa. Dontho limodzi lokha ndi lokwanira kutsegula njira yatsopano. N'chifukwa chake kupukuta komaliza kumachitika sampu ili kale m'manja, yokonzeka kukwera.

Liwu loti kumata limasocheretsa pang'ono. Womata nyumba ndi dothi amadziwa kuti akachulukitsa khoma limalimba, ndipo nzeru imeneyi timalowa nayo m'galaja osazindikira. Pa sampu zinthu n'zosiyana. Pamafunika kamzere kamodzi kosadukiza, kokula ngati mamilimita 3 kapena 4, kodutsa cha mkati mwa mabowo a mabawuti kuti oyilo asapeze potulukira m'mazinga. Mankhwalawo akhale olembedwa kuti amapirira oyilo wa injini, osati silikoni wa pa mawindo kapena wa m'bafa amene amagulitsidwa motchipa. Akangopakidwa, sampu iyenera kukwera m'mphindi zochepa, asanayambe kuuma pamwamba, ndipo ikwere molunjika, osaitsetsereka uku ndi uku.

Mabawuti anawalowetsa onse ndi zala, kenaka anayamba kumanga kuchokera pakati kupita kumapeto, mbali iyi kenaka inayo, kawiri konse. Mabawuti amenewa ndi aang'ono, ndipo mphamvu imene amafuna sifika ngakhale 10 Nm. Malume ataona mnyamatayo akugwira sipanala pafupi ndi mutu wake, ndi zala zitatu zokha, anadzuka.

"Iwe, ukumanga kapena ukusisita? Kokako ndithu, msewu wathu ukuudziwa."

"Amalume, ndikakoka ndibwezera chilema chomwe ndangochotsa chija. Chogwira apa si bawuti, ndi mankhwalawa."

Mkangano weniweni unabwera pambuyo pake. Nthawi inali itakwana 3 koloko masana, ndipo anthu obwerera kwawo madzulo ndi amene amadzaza galimoto. Malume anafuna kuthira oyilo n'kunyamuka. Koma mankhwala omatira amauma ndi chinyezi cha mumpweya, kuyambira kunja kulowa mkati, ndipo ambiri mwa iwo amalembedwa kuti amakhwima kwathunthu pakatha maola 24. Oyilo wotentha akawapeza akali osakhwima, ntchito yonse yabwerera pachiyambi. Mnyamatayo sanatsutse ndi mawu ambiri, chifukwa sakanatha. Anangonena kuti paipi ya ekizozi aimanga mawa kukacha, n'kuyamba kulongedza zida zake m'bokosi. Galimoto yopanda ekizozi singapite pamsewu, ndipo onse awiri ankadziwa chifukwa chenicheni. Malume anayang'ana kumbali, natchula dzina la mlongo wawo mong'ung'udza, n'kukwera kabaza kupita kwawo.

M'mawa mwake anamanga ekizozi, anaika fyuluta yatsopano, nathira oyilo wokwana pafupifupi malita 3. Nyale ya oyilo inazima injini itangolira. Anaisiya mpaka itatentha, ndipo mnyamatayo anayendetsa chala kuzungulira mlomo wonse wa sampu, chinabwerako chouma. Kumbuyo kokha, pomwe injini imakumana ndi giyabokosi, panali kachinyezi kamene dzulo kankabisala m'dothi la mafuta. Imeneyo ndi seal ya kumbuyo kwa crankshaft, ndipo kuti munthu aifike ayenera kutsitsa giyabokosi yonse.

"Nanga iyoyo ikudontha?" anafunsa malume, dzanja lili kale pa chitseko.

"Ayi, amalume. Ikungotuluka thukuta. Tidzaionenso mvula ikatha."