Nkhoko ya Pamunda

Mdzukulu wanga, dzulo unandipeza ndikukanda mzere ndi kamtengo ngati nkhuku, iwe n'kuseka. Khala apa ndikuuze zimene ndimachita.

Ndimamasula nyemba. Mvula ya Lachitatu ija inagwa ngati yapsera wina mtima, m'mawa mwake dzuwa n'kuswa mtengo, pamwamba pa mzere n'kuuma gwa ngati nkhoko ya m'mphika. Pansi pake nyemba zinali zitamera, koma zinapinda makosi, kusowa potulukira.

Nthaka iyi sinali chonchi. Ndinakwatiwa kuno kufupi ndi Embangweni amuna akupitabe ku Wenela, isanaimitsidwe mu 1974. Agogo ako aamuna anabwerako ndi ndalama zogula ng'ombe, pakuti kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa munthu ankadziwika ndi khola. Chilimwe chilichonse ankatuta manyowa pa ngolo n'kumwaza m'munda. Chizimalupsa chikagwa, ankalowetsa chala m'dothi mpaka chonse chibisike, n'kununkhiza. Dothilo linali lakuda, la timibulu tofewa ngati ufa wonyowa pang'ono, lodzaza timauna ta chiswe ndi nyongolotsi. Madzi ankalowa momwemo osachita phokoso. Ngakhale mawere, njere zake zochepa zija, ankatuluka okha popanda wowathandiza.

Mvumbi unkatha masiku atatu ukunyowetsa pang'onopang'ono. Mvula yamkuntho nayo inkabwera, koma inkayamba yagwera pa masamba a mitengo ya mombo, kenako pa zinyalala, ikamafika pa dothi ukali utatha.

Lero dontho limatsika kumwamba n'kumenya dothi lamaliseche. Likamenya, limaphwanya timibulu tija. Fumbi losalala limalowa m'timauna n'kutitseka ngati mmene timazirira nyumba, mchenga n'kutsala mbee m'makwawa. Likawomba dzuwa, nkhoko yagwira. Mvula yotsatira imangotsetsereka pamwamba, kudula mizere, kukumba zigwembe, ulendo wa ku mtsinje wa South Rukuru madzi ali psuu. Ukakumba ndi khasu pamene padutsa madzi onsewo, upeza pansi pali pouma.

Anthu amati mvula yasintha. Yasinthadi: imachedwa, imagwa mwaukali, n'kudula pakati pa Januwale chimanga chikufuna madzi. Koma nthakayi tinaivula ndife. Fodya wa bale atafika kwa alimi wamba, mitengo inathera m'zigafa. Ina inasanduka makala. Waona wekha matumba ali ndandanda mu msewu wa M1 kuyambira ku Jenda, ngakhale ku nkhalango ya Perekezi nkhwangwa zinafika. Ng'ombe zathu zina zinafa ndi chigodola, zina anaba usiku, zotsala tinasinthanitsa ndi chimanga pa njala ya 2002. Khola litagwa, manyowa anatha. Makuponi a feteleza atabwera mu 2005 tinavina, chimanga chinabereka ndithu, koma feteleza sabweza timibulu ta dothi. Mapesi amene akanafunda nthaka, ana amawatentha posaka mbewa.

Agogo ako aamuna anaona chiyambi cha zonsezi. Chaka chawo chomaliza anapita kumunda ndi ndodo, anayesa kulowetsa chala chija, chala n'kupindika. Sananene kanthu. Anabwerera n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, nsima osaikhudza.

Alangizi amatiuza za ulimi wa mtayakhasu: phimbirani nthaka ndi mapesi, lekani kutentha, samalani misangu. Ndimamvetsera, mtima ukundiwawa, chifukwa ndi zomwe nkhalango inkatichitira ulere. Nanga mapesiwo andiyalira ndani? Atate ako ndi abale awo onse ali ku Joni. Ndalama amatumiza, sindikana, koma ndalama siigwira khasu.

Mawa m'mawa undiperekeze kumanda, ndikazule udzu pa mtumbira wa agogo ako. Kumeneko nkhwangwa sinafikeko, moto sulowako. Ukafike ugwade pansi pa mitengo ija, usunthe masamba, ulowetse chala. Chidzalowa chonse. Ununkhize, kuti udziwe fungo la nthaka imene ine ndinakwatiwira. Tikabwerako, utenge kamtengo kako, undithandize kumasula mizere yatsalayi dzuwa lisanakwere.