Sabata la Chiperoni ku Makwasa

Mwezi wa Julayi ku Makwasa kumacha ndi nkhungu. Chiperoni chimawaza m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo anthu amatseka mazenera n'kuunjikana pamoto. Tinapita kumeneko kukaona agogo, koma tsiku lachitatu mwana wathu wa zaka 4 anayamba chimfine, chifuwa ndi kutentha thupi.

M'nyumba ya zipinda ziwiri matenda sachedwa kufalikira. Tinamugoneka kutali ndi agogo komanso khanda la alamu athu. Zenera tinatsegula pang'ono, mbaula n'kuitulutsa panja chifukwa utsi umakulitsa chifuwa. Anali ndi kapu yakeyake. Tinkamupatsa madzi pafupipafupi, phala ndi uchi pang'ono, tonse n'kumasamba m'manja ndi sopo. Maantibayotiki sitinagule, poti sapha mavairasi.

Usiku tinkawerenga kapumidwe kake. Akanapuma ka 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, nthiti zikanamalowa m'kati, kapena akanakana kumwa, tikanathamangira naye kuchipatala cha Malamulo.

Sabata m'mawa abale ankadutsa pamsewu kupita kutchalitchi. Ife tinatsala. "Musadandaule, ana anga," anatero agogo. "Kuteteza ana a anzanu nakonso n'kupembedza." Tinaimbira pakhonde mpaka nkhungu inachoka.