Linga la pa mpata wa Michesi likugwa ife tikuyang'ana

Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata umene msewu wochokera pa Phalombe umadutsa popita ku Nkhulambe. Mu mpatamo muli mabwinja a linga lotchedwa Fort Lister. Angerezi analimanga mu 1893, nthawi ya Harry Johnston, kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kugombe la nyanja yamchere ku Mozambique. Silinagwire ntchito nthawi yaitali. Patangotha zaka pafupifupi khumi, asilikali anasamukamo. Chatsala lero ndi zidutswa za makoma, maziko ndi manda.

Ine ndinakulira m'boma lomweli, koma zambiri za lingali ndazidziwira kuno ku yunivesite. Kusukulu tinkaloweza mayina a Livingstone ndi Jumbe wa ku Nkhotakota kuti tikhoze mayeso, ndipo palibe mphunzitsi amene anatiuza kuti njira ya akapoloyo inadutsa kuseri kwa minda ya makolo athu. Mu 2011 boma linaika Fort Lister pa mndandanda wa malo a njira za akapolo amene likufuna kuti bungwe la UNESCO liwazindikire. Papepala, ndiye kuti malowa ndi otetezedwa. Koma pepala siliphimba khoma mvula ikamagwa, ndipo mvula ya kwathu timaidziwa. Akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa mu Marichi 1991, ndipo ife tinadzionera tokha namondwe wa Freddy mu 2023. Madzi amene amagubuduza miyala yaikulu ngati nyumba sangachite manyazi ndi khoma lakale lopanda denga.

Zimenezi zimandikumbutsa Adatchi, anthu amenenso madzi sawapatsa tulo. Ku Kinderdijk, m'dziko la Netherlands, kuli zigayo zoyendera mphepo zokwana 19, zambiri mwa izo zomangidwa cha m'ma 1740. Ndikuti zigayo chifukwa chosowa dzina lina, koma sizigaya chimanga: ntchito yake inali kupopa madzi m'madambo kuti anthu alime ndi kumangamo. Makina a injini atabwera, zigayo zamphepo zinayamba kuphwasulidwa m'dziko lonselo, mpaka mu 1923 anthu ena anayambitsa bungwe la De Hollandsche Molen kuti apulumutse zotsalazo. Kinderdijk inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1997.

Ndalama ali nazo, inde, ndipo sindikufuna kuyerekeza thumba la Mdatchi ndi la khonsolo ya Phalombe. Chimene chimandigwira mtima ndi china. Iwo anazindikira kuti chigayo chongoima chimawola msanga kuposa chozungulira, choncho amaphunzitsa anthu wamba, ongodzipereka, kuyendetsa zigayozo pa masiku awo opuma. Mu 2017 UNESCO inazindikira luso lenilenilo la woyendetsa chigayo ngati chuma choyenera kusungidwa. Chigayo chilichonse chili ndi munthu amene amadziwa pamene pakudontha. Linga lathu likusowa munthu wotere kuposa mmene likusowera chikwangwani.

Mnzanga wina wa mu hositelo amati ndikutaya nthawi. Amati lingalo ndi la atsamunda, analimanga kuti alande dziko, ndipo kuthetsa ukapolo kunali chophimba kumaso chabe. Sindimutsutsa kwathunthu. Mfuti zomwezo zimene zinagonjetsa mafumu ogulitsa anthu monga Matipwiri ndi zimene zinadzakakamiza agogo athu kukhoma msonkho ndi kugwira thangata. Chimandinyansanso kuti manda amene alendo amafunsa akafika pamalopo ndi a mzungu, Gilbert Stevenson, chifukwa choti anali wachibale wa mlembi Robert Louis Stevenson. Nanga anthu amene anadutsa mu mpatawo goli lili m'khosi? Palibe mwala wolembedwa dzina la ngakhale mmodzi.

Koma apa m'pamene ine ndi mnzangayo timasiyana. Akapolo aja sanamange kanthu. Sanasiye nyumba, sanasiye kalata, mapazi awo anafufutika ndi mvula yoyamba. Chinthu chogwirika chokhacho chimene chikuloza kuti anadutsa pamenepa ndi khoma la mtsamunda lomweli. Likagwa, mzungu sataya kalikonse, pakuti mbiri yake ili m'mabuku ku London. Otaya ndife. Palinso mbali imene sitikonda kuitchula pagulu: ogwira ndi kugulitsa anthu ambiri anali akuda anzathu, ndipo zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa lero zimagula pa msika umodzi pa Migowi. Mwina n'chifukwa chake tchire likamera pamalopo ena satekeseka.

Mu 2025 phiri la Mulanje linalowa pa mndandanda wa UNESCO, ndipo alendo okwera phiri akuyembekezeka kuchuluka. Ena mwa iwo amatsikira kapena kuyambira ku Fort Lister komweko popita ku Sombani. Anyamata onyamula katundu ndi olondolera alendo alipo kale. Kuwaphunzitsa mbiri ya mpatawu, yonse osati ya manda a mzungu okha, sikufuna mamiliyoni. Sukulu zoyandikana zikhoza kumasinthana kulambula ndi kuzula timitengo tomera m'ming'alu, chifukwa mizu ndi imene imang'amba khoma mwakachetechete. Kukonza khoma lenilenilo ndi ntchito ya akatswiri a ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, osati ya munthu wongobwera ndi thumba la simenti. Ife ophunzira mbiri tili ndi mafoni ojambulira mawu, ndipo m'midzi ya mozungulira Michesi mukadali agogo amene anamva nkhani za mu mpatamo kwa agogo awo. Ambiri a iwo adutsa kale zaka 80.