Abale Athu a ku Walale

Mu 2016 tinapita ku Zimbabwe kukaika atsibweni athu, amene anacoka ku Katete ali mnyamata kukagwira nchito ku mgodi wa golide ku Shamva, nachona komweko. Njira yonse tinali ndi nkhawa imodzi: kodi tikamvana nao bwanji adzukulu ao obadwira pakati pa Ashona?

Anatilonjeradi m'Cishona. Koma madzulo ng'oma zitalira, ana omwewo anaimba m'Cicewa cakale, ca mau amene ife tinawamva komariza pakamwa pa ambuye athu. Kutaca tinapeza akulu-akulu ali pa nsolo patsinde pa mtengo, maenje okumba pansi, akukangana monga amacitira kwathu. Popeza atsibweni anali olowa gule, pa tsiku loika maliro zirombo zinaturuka. Ashona amazicha zvigure.

Tisabise, mtima wathu unagawika. Ku sukulu ya mishoni tinaphunzira kuti mkhristu sayandikira dambwe, ndipo zilipo zina za kumeneko zimene mpaka lero sitingazibvomereze. Komabe tinaona ndi maso athu cimene ng'oma ija iri kwa anthuwa. Mapulazi a azungu atayamba kulandidwa mu 2000, anchito ambiri anataya nchito ndi nyumba pa tsiku limodzi, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo ali alendo m'dziko limene anabadwiramo. Mshona anali ndi mudzi wobwererako. Nanga mdzukulu wa mchona akanabwerera kuti? Mudzi wake unali bwalo lomwelo, pamene amamva cinenero ca makolo ake, pamenenso amasonkherana ndalama za bokosi wina akamwalira. Mu 2013 malamulo atsopano a dziko la Zimbabwe anaika Cicewa pakati pa zinenero 16 zobvomerezeka. Amene anacisunga kufikira nthawiyo ndi anthu a m'makomboni amenewa.

Tisanabwerere, mnyamata wina anatifunsa za mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, nati akusunga ndalama kuti akafikeko m'mwezi wa August. Tinacita manyazi kumuuza kuti ife, amene kwathu ndi kufupi, tatha zaka osapondako. Kenaka anaitana mwana wathu, wokulira mu Lusaka, kuti asewere naye nsolo. Mwanayo anatenga miyala m'dzanja, nayang'ana ife kuti timuuze poyambira.