Maim: Liwu Lonena za Masiku Otsatira

Ndinakumana nalo ndikuwerenga nkhani ya mabomba okwirira pansi ku Mozambique, dziko lomwe mu 2015 linalengeza kuti lachotsa mabomba onse amene ankadziwika. Wolembayo anati mabombawo ankapha anthu, koma kwa opulumuka anagwiritsa ntchito liwu lachingerezi lomwe ndinali ndisanalionepo: maim. Zilembo zinayi zokha, koma ndinabwereza chiganizocho katatu.

Abale ake ndinkawadziwa kale. Hurt ndi kupweteka, ngakhale kwa munga wa kuphazi. Injure ndi kuvulaza, monga zimachitikira wosewera mpira amene mwezi wamawa abwereranso m'bwalo. Wound amabwera ndi mpeni kapena chipolopolo. Koma maim, amene pomutchula amamveka ngati meyimu, ndi kulumaza: kudula dzanja, kuboola diso, kumusiya munthu ali moyo koma thupi lake osadzabwereranso mwakale. Ukadzicheka chala posenda chinangwa, liwuli silikukhudza. Limadikira mlimi amene anapita kumunda ndi miyendo iwiri n'kubwerako atamunyamula, atatsala ndi umodzi.

Usiku wa tsiku limene ndinawerenga nkhaniyo ndinalitsata mpaka kwawo, ndipo zimene ndinapeza zinandithetsa tulo. Linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo ndi pachibale ndi mayhem, lomwe lero limatanthauza chipwirikiti. M'malamulo akale a ku England, mayhem unali mlandu womuchotsera munthu chiwalo chimene amadzitetezera nacho pomenyana. Dzino lakutsogolo linkawerengedwa, koma khutu ndi mphuno ayi. Kenako mu December 1670, anthu anamubisalira Sir John Coventry, phungu amene anaseka Mfumu Charles II m'nyumba ya malamulo, n'kumung'amba mphuno. Chaka chotsatira aphungu anzake anakhazikitsa lamulo lakuti wowononga nkhope ya mnzake mwadala chonchi aziphedwa. Zinatengera mphuno ya munthu wotchuka kuti lamulo livomereze kuti thupi lonse ndi lamtengo wapatali.

Ndalikonda liwuli chifukwa sililola kuti nkhani ithere pa tsiku la ngozi. Limakukakamiza kuganiza za mmawa uliwonse wotsatira: ndodo yotsamira pakhomo, khasu losiyidwa pakhonde, mwana amene tsopano akutunga madzi m'malo mwa mayi ake. Tsopano ndikalipeza m'nyuzipepala ndimachepetsa liwiro powerenga, chifukwa ndikudziwa kuti munthu amene akumunenayo akadali moyo kwinakwake, ndipo lero wadzuka nacho chilemacho.