Lamba Woyera ndi Lamba Wabuluu

Munthu amene wapita m'sukulu amaidziwa bwino njira ya kukwera. Ife a msinkhu wanga tinalemba mayeso a Giredi 7, a Giredi 9 ndi a Giredi 12. Tsiku la mayeso linali kudziwika kale, ndipo pepala likabwera linali kunena poyera amene wakhoza ndi amene walephera. Koma iripo sukulu ina imene ine ndinalowamo nditatsiriza zonsezi, mmene munalibe tsiku la mayeso kapena pepala, koma lamba wa nsalu womanga m'ciuno. Sukuluyo ndiyo masewera ogwetsana ochedwa Brazilian jiu-jitsu, ndipo ndifuna kusimbako za ulendo wake woyamba, wocokera pa lamba woyera kufika pa wabuluu.

Masewerawa anabadwa mwa judo, imene Jigoro Kano anaikhazikitsa ku Tokyo m'caka ca 1882. Mmodzi wa ophunzira a sukulu yake, dzina lake Mitsuyo Maeda, anafika ku Brazil mu 1914, ndipo mu mzinda wa Belém anaphunzitsa mnyamata wina, Carlos Gracie. Carlos ndi mng'ono wake Hélio anaika mtima makamaka pa kulimbana kwa pansi, anthu awiri atagwa kale. Dziko lonse linadzidzimuka mu 1993 pamene Royce Gracie, mwana wa Hélio, munthu wa thupi losaopsa konse, anagonjetsa zimphona pa mpikisano woyamba wa UFC ku Denver. Kuno kwathu judo ndiyo inayamba kuzika mizu; wansembe wa ku Ireland, Bambo Jude McKenna, anaiphunzitsa zaka zambiri, ndipo mu 2016 Mathews Punza anagwetsa Golan Pollack wa ku Israel pa masewera a Olympics ku Rio de Janeiro. Cotero jiu-jitsu ndi mlendo amene anapeza mbale wake atamanga kale nyumba.

Malamba a akulu ndi asanu: woyera, wabuluu, wapepo wonga maluwa a jakaranda, wofiirira, ndi wakuda. Kufika pa wakuda kumatenga anthu ambiri zaka ngati 10. Pa lamba aliyense mphunzitsi amamata timizere ta tepi kufikira tinai, ndipo wabuluu sapatsidwa kwa munthu wosakwana zaka 16.

Ine ndine mwana wa ku Kafue, tauni ya pa mtsinje, ya ulalo wa njanji wa mu 1906 ndi fakitale ya feteleza. Nditatsiriza sukulu nchito sindinaipeze, koma ndinali kuthandiza amai kunyamula nsomba kucokera kudooko kupita kumsika. Mu 2023 ndinayamba kukwera basi Laciwiri ndi Loweruka kunka ku Lusaka, mtunda wa makilomita ngati 45, kumene mphunzitsi wina anali ndi cipinda coyala mphasa zofewa.

Amene anaweta ng'ombe ali mwana amayesa kuti kugwetsana akukudziwa. Kubusa, mnzako akangogunda msana pansi nkhani yatha, otsala aseka, ng'ombe zibwezedwa. Muno kugwa ndico ciyambi cabe. Miyezi itatu yoyamba ndinaithera pansi pa anthu ena. Munthu akakugonera pacifuwa, phewa lake litakanikiza cibwano cako, thupi limafuna cinthu cimodzi cokha, ndico kumkankha ndi manja onse awiri. Tsono dzanja lotambasukalo ndilo limene iye ali kulidikira, pakuti amaligwira, nalipanikiza pakati pa ncafu zake, nakweza ciuno pansi pa cigongono cako monga munthu athyola nkhuni pa bondo. Cifukwa cake wophunzira woyamba saphunzitsidwa kupambana ai. Amaphunzitsidwa kusunga zigongono pafupi ndi nthiti, kugona cam'mbali osati cagada, kukwawa cobwerera ndi ciuno kuti bondo lipeze polowa, ndi kudzikweza pa mapewa ndi zidendene kuti wokhala pamimba pake apendekeke. Koposa zonse amaphunzira kupuma. Mpikisano wa a lamba woyera ndi wa mphindi 5 zokha, koma munthu wa mantha mpweya umamthera mphindi yoyamba isanathe. Ndinaona anyamata othamanga mpira tsiku lonse atakhala pakhoma, malilime kunja, atalimbana ndi mai wa ana awiri amene sanatuluke ndi thukuta lomwe.

Ciripo cizolowezi cimodzi cimene alendo amacinyoza, koma ine ndimaciyesa mzati wa masewera onsewa. Ukaona kuti wagwidwa kotheratu, umagogoda mnzako ndi dzanja, ndipo iye amakumasula pomwepo. Popanda ici sipakanakhala wofika caka caciwiri ali ndi mikono yonse. Kufinya khosi nakonso sikuli monga anthu aganizira. Sikutseka mmero, koma mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi yopereka magazi ku ubongo, ndipo wokana kugogoda amakomoka m'kamphindi kocepa. Ine ndinagogoda kosawerengeka, kwa akulu ndi kwa ana a sukulu omwe, ndipo manyazi ake anatha msanga kuposa kuwawa kwa zala.

Bvuto lalikulu silinali pamphasa koma kunyumba. Ndalama ya basi inali kucokera m'mbale yomweyo imene tinali kugulira ufa. Madzulo ena amai anandipeza ndiri kucapa malaya okhuthala a masewerawa, ochedwa gi, pakuti osacapidwa amafalitsa cipere. Anaima nthawi, nati, "Mwananga, kodi lamba ameneyu adzakulembetsa nchito kuti? Anzako ali kuphunzira kuwocherera zitsulo, iwe uli kulipira anthu kuti akukhale pamimba."

Ndinayankha kuti, "Amai, nchito sadzandilembetsa. Koma ndiloleni nditsirize cimodzi cokha cimene ndinayamba ndekha."

Sanabvomere, sanakanenso. Tinapangana kuti ndizipita Loweruka lokha, ndipo ya Laciwiri izitsala m'mbale. Masiku enawo ndinali kuyeseza ndi mnzanga wa ku Shikoswe pa matiresi awiri akale kuseri kwa nyumba yao. Caka ca 2024 cinali ca cilala, madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima nthawi yaitali; tinali kugwetsana mumdima, foni itatsamira pa njerwa, udzudzu wa ku mtsinje uli kutidya. Mdimawo unatiphunzitsa kanthu: kumene kulemera kwa mnzako kwapita umakumva ndi thupi, maso sathandiza kweni-kweni.

Kamzere koyamba ndinakalandira patapita miyezi 5, kaciwiri ndi kacitatu mocedwerapo. Pamenepo ndipo panayamba nyengo yowawa. Iwe ukamakula m'nzeru anzako akale nawonso ali kukula, motero amene anali kukugonjetsa mu January akugonjetsabe mu October, ndipo umayesa kuti waima malo amodzi. Kufunsa mphunzitsi za tsiku la lamba nkosayenera, monga mkamwini safunsa apongozi tsiku lomlola kutenga mkazi kunka naye kwao. Mnzanga uja analeka ali ndi timizere titatu. Anati sangathe kugwira nchito imene malipiro ake ali mumtima mwa munthu wina. Sindimtsutsa konse, pakuti njira yotere ingathe kubala kukondera mphunzitsi akakhala wosalungama. Komabe ndikaziyerekeza ndi mayeso a kusukulu, ndiona kuti kumeneko munthu angathe kuloweza usiku umodzi nakhoza, pamene kuno mphunzitsi wakhala alikukugwira ndi manja ake mlungu ndi mlungu, ndipo palibe cimene ungambisire.

Loweruka lina mu 2025 kunabwera mlendo, mwamuna wonyamula matumba a simenti, wondiposa kutali thupi ndi mphamvu. Aphunzitsi anandikodola nati, "Iwe wa ku Kafue, mlandire mlendoyu, koma usampweteke." Anandigwetsa msanga, nandigwera ngati khoma. Ine ndinasunga zigongono, ndinapuma, ndinamleka adzitopetse. Atayamba kupuma mwa befu ndinakola dzanja lake ndi mwendo wa mbali yomweyo, ndinakweza ciuno, ndipo iye anagubuduka. Potembenuka kuti athawe anandipatsa msana, umene pa mpikisano ubala mapointi 4, ndipo posacedwa ndinamva dzanja lake liri kugogoda pa mkono wanga. Cimene cinandidabwitsa ndi cakuti sindinaganize kanthu. Thupi linacita lokha zimene linazunzika nazo zaka ziwiri.

Aphunzitsi sananene mau tsiku limenelo. Patapita milungu itatu, titaima pamzere potsiriza maphunziro, anandiitana kutsogolo, namasula lamba wanga woyera amene tsopano anali wotuwa ndi wonyenyeka, nandimanga wabuluu. Anzanga anaomba m'manja, kenaka aliyense anafuna kulimbana nane, kuyambira wamng'ono kufikira wamkulu, ndipo ndinakwera basi yobwerera miyendo iri kunjenjemera. Amai anautenga lambayo, nautembenuza uku ndi uku, nafunsa ngati mtundu wake sudzasuluka pa zobvala zina poucapa.

Malamulo a bungwe la IBJJF amati wamkulu akhale pa lamba wabuluu zaka zosacepera 2 asanalandire wapepo, ndipo mpikisano wake ndi wa mphindi 6. A lamba woyera tsopano amandibwerera ndi ukali wonse, pakuti kugonjetsa wabuluu ndi nkhani yokasimba kwao. A lamba wapepo, amene kale anali kundilekerera, analeka cifundo. Kuseri kwa nyumba ya ku Shikoswe matiresi aja akalipo, ndipo anyamata atatu a pafupi amabwera Laciwiri madzulo kuti ndiwaonetse kukwawa ndi ciuno.